Galasi la sitovu likang'aluka silimatika

Achemwali, galasi la pamwamba pa sitovu yanu lomwe lang'alukalo musalimate, lisintheni lonse. Pakadali pano thimitsani sitovuyo pa switchi ya pakhoma, musaphikirepo. Msuzi ukasefukira umadutsa pamng'alupo n'kufika pa mawaya a 230 volts, magetsi akhoza kukugwirani. Guluu, ngakhale epoxy, amangopsa chifukwa pophikirapo pamatentha kupitirira madigiri 400 a Celsius, ndipo mng'aluwo umakulirakulira galasi likamatentha n'kuzizira. Kubenthuka pang'ono m'mphepete, kutali ndi mapuleti, ndiko mungamate ndi silikoni wopirira kutentha.

Lembani nambala ya model yomwe nthawi zambiri imakhala kunsi kapena kumbuyo kwa sitovu, mugule galasi la nambala yomweyo. Zomasula ndi kulumikiza mawaya asiyireni amisiri a zamagetsi. Koma funsani kaye mtengo, nthawi zina galasi lokhalo limadula ngati sitovu yatsopano.