Mwana ali Fomu 3: kupatula kukhoza mayeso, aphunzirenso chiyani?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amagwira ntchito ku Lilongwe. Akulipirira sukulu mwana wa mlongo wawo, mnyamata wa zaka 17 yemwe ali Fomu 3 pa CDSS ina kumudzi kwawo ku Ntcheu. Akuti m'kalasi mnyamatayo ndi wapakatikati ndipo za ku yunivesite sizikuoneka bwino. Funso lawo ndi loti pa nthawi yatsalayi aphunzire chiyani choti akadzamaliza Fomu 4 adzathe kugwira ntchito, komanso ngati n'kwanzeru kumulipirira kosi ya kompyuta pa holide ikubwerayi.

A malume (ndikuitanani choncho poti udindo umenewo ndi umene wakulembetsani kalata), za kompyutazo ndibwerako. Poyamba ndinene izi: MSCE asaitaye mtima. Ku mayunivesite a boma, kumene NCHE imayendetsa ntchito yosankha ophunzira, amafuna makirediti asanu ndi imodzi kuphatikizapo Chingerezi. Makoleji a ntchito za manja monga Soche, Nasawa, Namitete, Salima ndi Lilongwe Technical nawonso amafunsa MSCE. Ngakhale ntchito ya kalaliki pa golosale yaikulu, pepalalo amalifuna. Chingerezi makamaka achilimbikire, chifukwa akachilephera satifiketi palibe, ngakhale masamu atakhoza bwanji.

Koma pepalalo limangomulowetsa munthu pakhomo. Ine ndinakhalapo zaka zingapo ndikuyang'anira sitolo yogulitsa mbewu, feteleza ndi zipangizo za ulimi, ndipo chaka chilichonse mvula ikayandikira tinkalemba achinyamata oti atithandize. Sindikukumbukira n'komwe aliyense amene tinamuchotsa chifukwa cha mapointi ake a ku MANEB. Amene tinkasiyana nawo, mlandu wawo unali umodzimodzi: sunkatha kuwatuma n'kupuma.

Ndifotokoze. Panali mnyamata wina wanzeru ndithu, Chingerezi chake chakupsa. Tsiku lina ndinamutuma kukasiya matumba khumi a feteleza kwa kasitomala wathu. Anapita pa galimoto, ndipo madzulo anabwerako n'kukhala pa kauntala ngati palibe chachitika. Patatha masiku atatu kasitomala uja akuimba foni, mokalipa, kufunsa katundu wake. Zinapezeka kuti mnyamata uja atafika anapeza pakhomo palibe munthu, matumbawo anawasiya kwa oyandikana nawo, osasainitsa paliponse, osauza mwini wake, osandiuzanso ine. Sanabe kanthu. Katunduyo tinamupeza yense. Koma kuyambira tsiku limenelo, ndikamutuma ndinkayenera kumulondola ndi foni, ndiye phindu lomulemba ntchito linali pati? Mtsikana wina amene tinamulemba nthawi yomweyo, wa satifiketi yofooka, ankati akabwerako asanakhale pansi wafika kale pa tebulo langa: ndakasiya, walandira ndi mkazi wawo, siginecha yake iyi, chenji ndi ichi. Nyengo ya malonda itatha, amene tinamusunga ndi iyeyo.

Luso limeneli kwathu timalidziwa bwino, ndi kubweza mawu. Mwana wotumidwa kukapempha moto amabwerako n'kunena zimene wakapeza. Chodabwitsa n'choti sukulu ya sekondale imaliziralitsa, chifukwa kwa zaka zinayi mwana amangolandira manotsi, kuloweza, n'kukabweza pa pepala la mayeso. Palibe chimene chimaonongeka akapanda kunena kanthu. Ku ntchito chimaonongeka ndi katundu wa eni, ndi dzina lake lomwe.

Inu muli ndi mwayi woti ndalama za mwanayu zimachokera m'thumba mwanu. Muyambire pomwepo. Mukamutumizira ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money, musamafunse kuti zakwana kapena ayi. Mumugulire kope la masamba 40, ndipo kumapeto kwa mwezi azikutumizirani chithunzi cha tsamba limene walembapo ndalama imene inalowa, zimene wagula, tsiku lake ndi yotsala. Mwezi woyamba mudzaseka, chifukwa manambala sadzagwirizana ndipo padzakhala kandalama kosowa kolowera. Musamukalipire. Mungomufunsa kuti kandalamako kali kuti, ndipo ngati anagulira mandasi alembe kuti mandasi. Chimene mukufuna n'choti azolowere kulemba zoona ngakhale zili zochititsa manyazi. Munthu wotere ndi amene amadzapatsidwa kiyi wa sitolo.

Pa holide yaitali mungapite patsogolo pang'ono. Ku Ntcheu ndi kwa mbatatesi, kabichi ndi tomato, ndipo aliyense wodutsa pa Lizulu amaona m'mene malonda amayendera m'mbali mwa msewu wa M1. Mumupatse kampamba kochepa, koti kakagwa simudzagona ndi njala, apikule ndiwo zamasamba agulitse. Adzaphunzira zimene buku la Business Studies limangozitchula: kuti tomato wotsala lero mawa ndi wotayika, kuti ndalama ya kabaza ndi ya chiphaso cha mumsika imadya phindu, kuti wachibale wotenga pangongole sabweza msanga. Mpamba ukatha, akufotokozereni m'mene wathera. Maphunziro ake ali m'kufotokozako.

Chinthu china chimene chimandipweteka mtima ndikaona achinyamata athu ndi "eya" wabodza. Timalera ana kuti wamkulu akamayankhula azigwada n'kuvomera, ndipo ulemuwo ndi wabwino, sindikuutsutsa. Koma pa ntchito, bwana akafotokoza chinthu mwachangu, mwina m'Chingerezi, mwana amati "chabwino bwana" asanamve kanthu, n'kukachita zake. Akuopa kuoneka mbuli. Paja safunsa anadya phula. Muphunzitseni kunena mwaulemu kuti "pepani, pamenepo sindinamve, mubwerezenso", komanso kubwereza yekha zimene wauzidwa: "ndiye mwati ndikatenge malisiti a sabata yatha okha?" Izi mungayeserere pa foni pomwepo. Mumutume zinthu zitatu nthawi imodzi, kenako mumuuze azitchule. Ndipo akakufunsani funso, ngakhale lopepera, musamuseke, chifukwa mukamuseka kamodzi basi watseka pakamwa.

Za kusunga nthawi sinditaya mawu ambiri. Mwana wa pa CDSS amene amadzuka kusanache n'kuyenda makilomita angapo kuti apeze asembule amaidziwa kale nthawi kuposa ana ambiri a m'tauni. Chongowonjezera n'chakuti akaona kuti achedwa, azidziwitsa anthu nthawi isanakwane, osati kufika mochedwa ndi nkhani ya njinga yophulika tayala.

Kusukulu kwake mufunseni kuti ali m'kalabu yanji. Sukulu zambiri zili ndi magulu achikhristu a ophunzira monga SCOM kapena YCS, kalabu ya za chilengedwe, ya mtsutso, ya zisudzo zopita ku mpikisano wa ATEM. Ana ambiri amalimbirana utcheyamani chifukwa ndiye woonekera. Ine ndimati atenge ulembi kapena usungichuma. Mlembi amaphunzira kumvetsera anthu khumi akuyankhula mosokonezana n'kutulutsamo mfundo zinayi zolembeka. Msungichuma amaphunzira kuimirira pamaso pa anzake n'kufotokoza kumene zopereka zawo zapita. Ndipo mphunzitsi woyang'anira kalabuyo ndi amene adzamulembere kalata ya umboni akamadzafunsira ntchito. Mwana wongomaliza Fomu 4 alibe bwana wakale woti amuchitire umboni, ndiye mphunzitsi womudziwa bwino, osati wongomuona pa rejisitala, ndi chuma.

Kulemba nakonso. Ana a masiku ano amalemba kwambiri kuposa m'mene ife tinkalembera, koma zonse ndi za pa WhatsApp, mawu odulidula ndi tizithunzi. Ndinalandirapo uthenga wofunsira ntchito wongoti "bho bho, ganyu ilipo?", wopanda dzina, usiku pakati. Mwina anali wolimbikira ntchito, sindinadziwe, poti sindinayankhe. Mwana wanuyo azitha kulemba uthenga wa mizere inayi wonena kuti iye ndi ndani, akufuna chiyani, ndipo apezeka pa nambala iti, m'Chichewa chaulemu komanso m'Chingerezi. Njira yake ndi yosavuta: chilichonse chimene akufuna kwa inu choposa sopo, azichipempha polemba kalata yeniyeni, inu muziikonza n'kumubwezera.

Tsopano kosi ya kompyuta ija. Yankho langa ndi loti dikirani kaye. Kompyuta ndi yofunika, ndipo ma CDSS ambiri alibe ngakhale imodzi yoti ana agwire, pena magetsi omwe kulibe. Koma kosi ya masabata anayi, ana asanu pa makina amodzi, kenako mwana n'kubwerera kumudzi kumene sadzaonanso kiyibodi mpaka chaka chamawa, imeneyo ndi ndalama yogulira pepala lokongola basi. Zala zimaiwala msanga. Zimene olemba ntchito amayembekeza kwa womaliza Fomu 4 ndi zochepa: kutaipa kalata mu Word, kuika manambala mu Excel n'kuwaphatikiza, kutumiza imelo yokhala ndi chikalata. Ngati pa boma kapena pa tireding'i senta yapafupi pali malo otaipira ndi kupanga fotokope, kambiranani ndi mwini wake kuti mnyamatayo azikathandiza pa holide, ngakhale osalipidwa. Kumeneko adzataipa makalata enieni a anthu amene akudikira pa benchi, ndipo akalakwitsa dzina la munthu adzauzidwa pomwepo. Kosiyo mudzamulipirire akalemba MSCE, pamene akudikira zotsatira ndipo akhoza kudzakhala kwa inu ku Lilongwe n'kumagwira kompyuta tsiku ndi tsiku.

Ngati mtima wake uli ku ntchito za manja, musazione ngati zogwerako anthu olephera. TEVETA inakhazikitsidwa mu 1999 kuti iziyang'anira maphunziro amenewa, ndipo kuyambira 2015 boma lakhala likutsegula makoleji a luso a m'madera m'maboma osiyanasiyana. Wa zamagetsi, wa mapaipi, wowotcherera, womanga wodziwa kuwerenga pulani, onsewa sasowa chochita m'matauni athu amene akungomangidwa usana ndi usiku. Koma asanasankhe, akhaleko masabata angapo kwa kalipentala kapena makaniko wodalirika, aone ngati fumbi la matabwa kapena girisi akugwirizana nazo. Ambiri amakonda dzina la ntchito, ntchito yeniyeniyo asanaione. Pomusankhira malo musamale: lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo wosakwana zaka 18 saloledwa ntchito yoika moyo wake pachiswe kapena yosokoneza sukulu. Choncho zopopera mankhwala m'munda wa fodya kapena kukwera pa denga popanda womuyang'anira, ayi.

Poti wakwana zaka 17, mufunseni ngati ali ndi chiphaso cha unzika. NRB, ofesi ya boma yolembetsa nzika, imapereka kuyambira zaka 16, ndipo popanda chimenecho sangalembetse nambala ya foni m'dzina lake kapena kutsegula akaunti ku banki. Nkhani imeneyi muisiye m'manja mwake, afufuze yekha kumene amalembetsa ndi zofunika kutenga, inu mungomva lipoti. Mumuchenjezenso kuti akadzangomaliza sukulu adzayamba kulandira mauthenga a ntchito zonona zofuna kuti atumize kaye ndalama ya fomu kapena ya yunifolomu pa nambala ya munthu. Ntchito yeniyeni salipiritsa pofunsira. Akaona uthenga wotere azikutumizirani inu asanachite chilichonse.

Mwina mukuti zonsezi n'zambiri kwa munthu amene ali ku Lilongwe pamene mwana ali kumudzi. Musachite zonse. Mwezi uno yambani ndi kope lija, ndipo muwauze amayi ake kuti asamuthandize kulemba. Mukadzaona tsamba loyamba mundilembere, ndikufuna ndidzamve kuti mandasi anadya ndalama zingati.