Mfuti za ku Libya zinakathera ku Mali

Inu amene mukuti dziko likasokonekera asilikali akunja azingobwera, za Libya mwaiwala kale? Ine zimandiwawa mpaka lero. Pa 17 Malichi 2011 United Nations inavomereza chigamulo 1973 choti anthu wamba a ku Libya atetezedwe. Ndege za NATO, mgwirizano wa asilikali a mayiko a ku Ulaya ndi ku America, zinaponya mabomba miyezi isanu ndi iwiri, mtsogoleri wa Libya Gaddafi anaphedwa ku Sirte pa 20 Okutobala, pa 31 mwezi womwewo NATO inatseka ntchito n'kumapita. Nkhokwe za zida zinatsala zopanda mlonda. Aliyense wokhala ndi galimoto ankangopakira mfuti ndi zipolopolo n'kulowera m'chipululu.

Atuareg, anthu a m'chipululu cha Sahara, amene ankamenyera nkhondo Gaddafi anabwerera kwawo ku Mali ndi katundu ameneyu. Mu Januwale 2012 kumpoto kunabuka nkhondo. Ku Aguelhok asilikali a boma anazingidwa, anamenya mpaka zipolopolo zinawathera, thandizo osafika. Atagwidwa anaphedwa ali m'manja mwa adani. Akazi a asilikali anachita zionetsero, ndipo mu Malichi Kaputeni Amadou Sanogo, yemwe usilikali wina anakaphunzira ku America, analanda boma ku Bamako, likulu la Mali. Chisokonezo chili mkati, mizinda ya kumpoto ya Kidal, Gao ndi Timbuktu inagwa m'manja mwa zigawenga m'masiku atatu okha. Oponya mabomba aja anali ali kwawo, palibe ndi mmodzi yemwe amene anayankhapo mlandu. Amene anathawa m'nyumba zawo ndi anthu a ku Mali, oti nkhondo ya ku Libya sankaidziwa n'komwe!

France inabwera ndi asilikali ake ku Mali mu 2013, inachoka mu Ogasiti 2022. Isanachoke n'komwe, a Wagner, asilikali aganyu a ku Russia, anali atayamba kale kulowa m'malo mwake, ndipo ku Moura, pakati pa dziko la Mali, mu Malichi 2022 kunaphedwa anthu osachepera 500, malinga ndi lipoti la UN.

Thandizo la zida nalonso limafera pa zinthu zazing'ono. Helikopita imafuna zipangizo zosinthira ndi amakaniko tsiku ndi tsiku. Ku Afghanistan amakaniko akunja atachoka mu 2021, ndege zambiri zinalephera kuuluka. Pa mndandanda wa malipiro panalinso asilikali a mayina okhaokha, ndalama zawo akudya ndi akuluakulu. Kabul, likulu la dzikolo, inagwa pa 15 Ogasiti.

Komabe musamve ngati ndikuti thandizo lizikanidwa lonse. Zigawenga zitalanda tauni ya Konna ku Mali mu Januwale 2013, anaziimitsa ndi Afalansa omwewo, ndipo boma lina lililonse likanawaitana. Chofunika n'kulemberana ndege yoyamba isananyamuke: ndani alondere nkhokwe za zida, nambala ya mfuti iliyonse ilembedwe pamodzi ndi dzina la woinyamula, malipiro azilowa mu akaunti ya msilikali mwiniwake osadzera kwa mkulu wake, amakaniko aphunzitsidwe a m'dziko momwemo, ndipo alendowo anene tsiku lochoka ndi amene adzamusiyire msasa uliwonse.