Achimwene, Comrades imafuna ntchafu ndi mimba

Kalata yanu ndaiwerenga kawiri usiku wathawu. Mwati mwangomaliza marathon yanu yoyamba ya makilomita 42, tsopano mtima uli pa Comrades, mpikisano wothamanga mtunda wautali wa ku South Africa, ndipo mukufuna kudziwa makilomita oti muzithamanga pa sabata. Inenso ndinafunsapo funso lomweli, ndipo linandisocheretsa.

Chaka changa choyamba chinali chotsika, kuchoka ku Pietermaritzburg kukathera ku Durban, mtunda wa makilomita pafupifupi 90. Tinaima mumdima, chisanu cha June chikuluma zala, mpaka tambala analira pa zokuzira mawu, mfuti n'kuomba 5:30. Miyezi yonse ya m'mbuyomo ndinkathamanga pamsewu wathyathyathya, maso ali pa wotchi, ndikuwerenga makilomita m'kope ngati ndalama za chipereganyu. Ku Drummond, pakati pa ulendo, ndinafika nthawi ikadalipo yambiri. Mumtima ndinati zatheka.

Zinanditembenukira pa Fields Hill, potsikira ku Pinetown. Ndi chitsikitsiki cha makilomita atatu, ndipo munthu umafikapo utathamanga kale oposa 60. Phazi lililonse likagunda phula, ntchafu zinkamva ngati wina akuzibaya ndi msomali. Zala zinkagunda kutsogolo kwa nsapato mpaka chikhadabo cha chala chachikulu chinada bii. Nditafika pansi ndinakhala m'mbali mwa msewu. Mayi wina wosandidziwa anandiika m'manja mbatatesi yophika yothira mchere, yotenthera bwino. Ndinaitafuna koma kukhosi inakana, poti kuyambira m'mawa ndinali ndikungomwa zotsekemera, m'mimba mukuwira. Ndinabwerera pa basi ya olephera, mbatatesi ija ili m'manja. M'basimo munalibe woyankhula.

N'chifukwa chake zimandipweteka ndikamva anthu akukambirana za Comrades ngati nkhani ya nsapato zodula ndi manambala a pafoni. Wotchi siidziwa Inchanga, chimodzi mwa zitunda zikuluzikulu za panjira ya Comrades. Munthu amene sanaphunzitse miyendo kutsika phiri atatopa, amene sanaphunzitse mimba kulandira chakudya akuthamanga, sanakonzeke, ngakhale kope lake litadzaza bwanji. Ndipo ndikanena za kuyenda wapansi, ena amaona ngati manyazi. Manyazi ake ati? Unyinji wa omaliza Comrades amayenda pa zitunda, ndipo anzeru amayamba kuyenda asanatope. Malire ndi maola 12. Wofika mu ola lomalizalo amalandira mendulo ya Vic Clapham, dzina la munthu amene anayambitsa mpikisanowu mu 1921. Chaka chimenecho ananyamuka anthu 34, omaliza 16 okha, ndipo wopambana, Bill Rowan, anatenga maola 8 ndi mphindi 59.

Ndikapita kumudzi ndimaganiza za anyamata onyamula katundu wa alendo pa phiri la Mulanje, amene amapikisana mu Porters Race. Miyendo yawo inakulira pokwera ndi kutsika miyala, katundu ali pamutu. Mphamvu imeneyo simugula m'sitolo. Stephen Muzhingi wa ku Zimbabwe anapambana Comrades katatu motsatizana, 2009, 2010 ndi 2011, ndipo ife a kumpoto kwa Limpopo tinanyada ngati ndi mwana wa pakhomo. Ngati muli ku Zomba kapena ku Blantyre, zitunda muli nazo zaulere. Msewu wokwera ku Zomba Plateau ndi sukulu yokwanira, makamaka pobwerera.

Tsono makilomitawo

Choyamba onani malamulo a chaka chimenecho, chifukwa amafuna mukhale mutamaliza marathon yovomerezeka mu nthawi imene iwo aika. Dzipatseni miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi. Thamangani kanayi kapena kasanu pa sabata, pa liwiro loti mutha kucheza ndi mnzanu. Kumapeto kwa sabata pitani ulendo wautali wa m'zitunda, muziwonjezera pang'onopang'ono, ndipo sabata yachinayi iliyonse chepetsani. Kamodzi kokha, kutatsala sabata zisanu kapena zisanu ndi imodzi, chitani makilomita 50 mpaka 60, mutavala nsapato ndi masokosi omwe mudzavale tsikulo, mukudya zomwe mudzadye. Sabata zitatu zomaliza pumitsani thupi.

Chaka chotsatira ndinabwerera. Loweruka lililonse ndinkanyamula mbatatesi ndi mchere m'kapepala ka pulasitiki, n'kumaluma pakatha mphindi 40 zilizonse, njala ilipo kapena ayi. Chinali chaka chokwera, kuchoka ku Durban kukathera ku Pietermaritzburg. Polly Shortts, chitunda chachikulu chomaliza, ndinaiyenda wapansi yonse, manja ali m'chiuno, ndipo ndinalowa pamapeto ola la 12 lisanakwane.

Ndilembereninso mundiuze kumene mukukhala ndi phiri lomwe muli nalo pafupi, tidzayambire pamenepo.