Kodi Sofia kapena Elena: woyamba wa ku Latin America ndani?

Mwafunsa ngati Sofia ndiye mwana wamkazi wa mfumu woyamba wa ku Latin America m'makatuni a Disney. Ayi, ndi Elena. Chisokonezocho chinayamba mu 2012, pamene mmodzi mwa okonza katuni ya pa TV ya Sofia the First ananena kuti Sofia ndi wa mtundu wa anthu a ku Latin America. Anthu atayamba kutsutsana pa nkhaniyi, kampaniyo inafotokoza kuti mayi ake amachokera ku Galdiz, dziko longopeka lotengera Spain, pomwe bambo ake omubereka ndi a dziko lina lotengera Scandinavia.

Katuni ya Elena, yotchedwa Elena of Avalor, inayamba kuonetsedwa mu 2016 n'kutha mu 2020. Amene analankhula mawu a Elena ndi Aimee Carrero, wobadwira ku Dominican Republic.

Koma vuto lilipo. Avalor, kwawo kwa Elena, nalo ndi dziko lopeka, ndipo anasakaniza miyambo ya mayiko ambiri mu mphika umodzi: mwambo wokumbukira akufa wa ku Mexico, nyimbo za salsa ndi mariachi, zomanga zotengera Amaya, anthu akale a ku Mexico ndi Central America. Mwana wa ku Peru kapena ku Cuba amapezamo kachidutswa chabe ka kwawo. Komanso Elena anangokhala wa pa TV, sanalowe m'gulu lodziwika la ana aakazi a mafumu a Disney, momwe muli Cinderella ndi Moana.

Ngati mukufunira ana chinthu chozikika m'dziko limodzi lenileni, yesani filimu ya Disney ya Encanto ya 2021, yochitikira ku Colombia, yomwe m'banja limodzi muli akhungu lakuda ndi oyererako. Kungoti Mirabel, mtsikana amene nkhaniyo yagona pa iye, si mwana wa mfumu.