Seva ili ku Ulaya, koma nkhokwe ikhale pakhomo panu

Mayi wina wa ku Chilenje wandilembera kalata sabata yatha. Amalipira mwezi uliwonse seva (kompyuta yobwereka ya pa intaneti) ya ku Ulaya, mmene muli webusaiti ndi mabuku a makasitomala ake, ndipo akufunsa ngati si udindo wa eni sevayo kumusungira bakapu, kope lapadera la mafayilo ake lobwezera zinthu zikatayika. Amayi, funso lanuli landitosa pachilonda, chifukwa inenso ndinkaganiza choncho.

Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima maola ambirimbiri pa tsiku muno mu Lusaka. Nthawi imeneyo ndinkasamalira seva ya amalume anga, amene ali ndi sitolo ya simenti ndi malata ku Kamwala. Ndinaika laputopu yakale pansi pa tebulo kwathu ku Kabwata, ndikuuza cron, pulogalamu yoyambitsa ntchito pa nthawi yoikika, kuti 2 koloko usiku uliwonse izidzutsa rsync, pulogalamu yokopera mafayilo, ikakoke mafayilo onse a pa seva kudzera pa SSH, njira yotetezeka yolumikizira makompyuta. Poopa kuti disiki ingadzaze, ndinawonjezera lamulo la --delete, lofufuta pa laputopu chilichonse chimene chachotsedwa ku seva. Mtima unakhala m'malo.

Batire ya laputopuyo inali itafa kale. Magetsi akazima, nayo inkazima, ndipo masiku ambiri palibe chinkakopedwa. Ine osadziwa. Tsiku lina mnyamata wa pasitolo anafufuta mwangozi foda ya anthu angongole. Usiku womwewo magetsi analipo, rsync inadzuka, inaona kuti fodayo kulibe ku seva, niifufutanso pa laputopu. Inachita zimene ndinailamula ine mwini.

M'mawa ndinapeza amalume atakhala pa thumba la simenti, magalasi ali m'manja. Sanandikalipire. Anangoti, "Mphwanga, nanga amene anatenga malata pangongole ndiwadziwa bwanji?" Tinatha milungu iwiri tikufufuza m'mabuku akale a pasitolo ndi m'mauthenga a WhatsApp, ndipo ndalama zina sitinazipezenso. Mawu amenewo amandiwawabe mpaka lero.

Choncho ndikunena mosapsatira: kalilole si nkhokwe. Chida chongofananiza mbali ziwiri chimakopa ndi zolakwa zomwe. Kachilombo kakawononga mafayilo ku seva, mawa lake anunso awonongeka. Ndipo zodalira eni seva zokhazo ndimazikana kwamtuwagalu. Mu Marichi 2021 moto unapsereza nyumba ya maseva ya kampani ya OVH ku Strasbourg, ku France, ndipo makasitomala ena anataya zonse chifukwa bakapu yawo inali pamalo omwewo. Ngati zinachitika ku France, kuli bwanji inu amene simunaionepo ndi maso sevayo? Werengani pangano lanu bwinobwino, nthawi zambiri seva zotchipa amazigulitsa popanda bakapu.

Ndikudziwa chimene chimatibweza m'mbuyo ambirife: mabando a intaneti. Munthu akamva zokoka magigabaiti kuchokera ku Ulaya amayamba kuwerenga makwacha. Koma rsync, imene Andrew Tridgell ndi Paul Mackerras anatulutsa mu 1996, inapangidwira intaneti yofooka ngati yathuyi. Imatumiza zidutswa zokhazo zimene zasintha. Ulendo woyamba ndiwo wolemera, mukaukokere kwa mnzanu amene ali ndi intaneti yothamanga ya faiba ku ofesi. Masiku otsatirawo ndi tizinthu tochepa.

Palinso khalidwe lina limene limandikwiyitsa, losiya pasiwedi ya seva m'mutu mwa mnyamata mmodzi. Akapeza ntchito ku Kitwe, bizinesi yonse imatsala pamtunda. Ilembeni, muisunge inuyo eni ake.

Tsono muchite chiyani, Amayi?

Kompyuta ya kwanu ndiyo izikoka kuchokera ku seva, ndi kiyi ya SSH, kuti wakuba akalowa mu seva asapeze njira yofikira nkhokwe yanu. Databesi, mosungiramo zolemba za webusaiti yanu, musaikope ikugwira ntchito, yambani mwaitulutsa mu fayilo ndi pulogalamu ya mysqldump kapena pg_dump. Sungani makope a masiku osiyanasiyana: rsync ili ndi lamulo la --link-dest lothandiza pa zimenezi, kapena pulogalamu ya rsnapshot ikuchitireni zimenezo. Ikani pulogalamu ya anacron kuti ntchito imene yaphonyedwa magetsi atazima ichitike akabwera. Makope akhale atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale kwina, ngakhale disiki ya m'chikwama imene mumasiya kwa achemwali anu ku Matero.

Ndipo Loweruka loyamba la mwezi, tengani fayilo ya mwezi watha mu bakapuyo, muitsegule, muone ngati mayina a makasitomala anu alimodi. Ine ndimachita zimenezi amalume ataima pambali panga, magalasi ali kumaso, mpaka ataona okha dzina la wangongole womaliza.