Funsani Malume: Laisensi ya pistol ku America, amapereka ndani ndipo chasintha ndi chiyani?

Malume, ine ndili ku Bronx chaka cha 6 tsopano, ndimayendetsa lole yonyamula katundu usiku ndiye mwezi watha anyamata awiri anandiopseza ndikutsitsa katundu. Mnzanga akuti masiku ano kutenga laisensi ya pistol ndi kosavuta poti khothi linasintha malamulo, eti ndi zoona? Green card ndili nayo.
Mphwanu wa ku Bronx

Mphwanga, pepani kwambiri ndi zomwe zinakuchitikiranizo, tithokoze kuti muli moyo. Mnzanuyo wanena zoona koma mbali imodzi yokha.

Nkhaniyi inayambira kale. Mu 1911 boma la New York linakhazikitsa lamulo lotchedwa Sullivan Act loti munthu asakhale ndi pistol popanda laisensi, ndiye mu 1913 anawonjezera mawu akuti wofuna kuyenda nayo azionetsa chifukwa chokwanira. Vuto linali pomwepo, chifukwa chokwanira ndi chiti, akuweruza ndani? Lamulo ndi la state yonse koma opereka laisensi ndi a m'deralo, mumzinda wa New York ndi apolisi a NYPD ku ofesi yawo ya License Division ku 1 Police Plaza, pomwe m'makaunti ambiri akumpoto ndi jaji wa m'kauntimo. Ndiye anthu awiri ofanana chilichonse, wina kupatsidwa wina kukanidwa, kungoti anagogoda zitseko zosiyana basi. Munthu ngati inu wogwira ntchito usiku ku Bronx kunena kuti dera ndi loopsa sikunkawerengedwa, ankafuna muonetse kuti ngozi yanuyo ndi yoposa ya anthu ena onse.

Ndiye paliponse pamene munthu mmodzi ali ndi mphamvu yonena eya kapena ayi popanda muyezo wolembedwa, ziphuphu sizichedwa kulowa, izi sitichita kuuzidwa ayi. Mu 2016 kunaphulika nkhani ku License Division komweko, bambo wina dzina lake Alex Lichtenstein amalipiritsa anthu ndalama zofika madola 18,000 kuti awapezere laisensi, iye nkumadyetsa apolisi a mu ofesiyo kuti mafomu azidutsa osaunikidwa bwino, ena mwa opatsidwawo anali anthu oti anamangidwapo kale. Anamujambula mawu akulonjeza wapolisi madola 6,000 pa laisensi iliyonse, ndipo mu 2017 anamugamula miyezi 32 kundende. Taganizani, woyendetsa lole akukanidwa pomwe wa ndalama akugula ngati akugula tomato pa msika. Zimandipweteka kwambiri zimenezi.

Pa 23 June 2022 khothi lalikulu la America pa mlandu wa Bruen linagamula, majaji 6 kwa 3, kuti zofuna chifukwa chokwanirazo zikuphwanya malamulo aakulu a dziko, chigamulo analemba ndi jaji Clarence Thomas. Apa ndi pamene mnzanu walondola, panopa simukufunikanso kutsimikizira wapolisi kuti inuyo ndinu wapadera. Koma khothilo silinanene kuti laisensi ithe, jaji Brett Kavanaugh analemba momveka kuti ma state akhoza kumatengabe zidindo za zala, kufufuza mbiri ya munthu ndi kufuna maphunziro. New York sinachedwe, pa 1 July chaka chomwecho bwanamkubwa Kathy Hochul anasainira lamulo latsopano lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 September. Mukafuna yoyenda nayo muyenera kukhala ndi zaka 21, kuphunzira maola 16 m'kalasi ndi maola 2 kuwombera kwenikweni, kupereka maina a anthu 4 okuchitirani umboni pa khalidwe lanu, komanso kukaonekera nokha kuti akufunseni mafunso. Fomu ya NYPD ndi madola 340, za zidindo za zala ndi sukuluyo mulipira padera, laisensiyo ndi ya zaka 3. Analinso atayika zoti mupereke ma akaunti anu a Facebook ndi ena otero a zaka 3 zapitazo koma khothi la apilo mu December 2023 linaimitsa mbali imeneyo. Lamulo limati ofesi iyankhe pasanathe miyezi 6 ngakhale madandaulo a kuchedwa ndi ambiri.

Ndiye mumve ichi poti chikukhudza ntchito yanu, ngakhale muli nayo laisensi pali malo ambiri oletsedwa kulowa ndi mfuti, mu subway (sitima zapansi pa nthaka), ku Times Square, m'masukulu, m'malo omwera mowa, komanso laisensi ya New York simungawoloke nayo kupita ku New Jersey ngati lole yanu imafika kumeneko, ndiponso abwana anu akhoza kukhala ndi lamulo lawo loletsa mfuti m'galimoto ya kampani. Green card imakulolani kupempha. Koma chonde chonde mphwanga musayerekeze kugula ya mumsewu kuti muzidikira nayo mapepala, kupezeka ndi pistol ya zipolopolo popanda laisensi ku New York chilango chake chimayambira zaka 3 ndi theka, ndipo mlandu wa mfuti umathamangitsa munthu m'dziko ngakhale ali ndi green card. Za anyamata aja kanenani ku polisi ngati simunanene, ndipo muwauze abwana akupatseni mnzanu woyenda naye usiku, zimenezo zitha kuchitika sabata yomwe ino pomwe laisensi ndi nkhani ya miyezi.

Malume, ngati maofesi amenewa ali ndi katangale chonchi bwanji osangochotsa laisensiyo aliyense azigula mfuti mwaufulu?
Mayi wa ana atatu, Indianapolis

Mayi, ena anachitadi zomwezo. Ku North Carolina kunali lamulo la mu 1919 loti wogula pistol ayambe watenga chilolezo kwa sheriff, mkulu wa apolisi wa kaunti yake, mu March 2023 aphungu analichotsa ngakhale bwanamkubwa Roy Cooper anakana kusainira. Mfundo imodzi yomwe ankanena ndi yakuti mphamvu zotere zinkagwiritsidwa ntchito potsekereza anthu akuda, ndipo mbiri imeneyo si yabodza, Martin Luther King nyumba yake itaphulitsidwa ndi bomba ku Montgomery mu January 1956 anakapempha chilolezo choyenda ndi mfuti ndipo anamukaniza. Ku California nako sheriff wa Santa Clara, Laurie Smith, anatula pansi udindo mu 2022 ndipo patangopita masiku ochepa khothi linamupeza wolakwa pa nkhani yokondera omuthandiza pa kampeni popereka zilolezo.

Komabe ine sindikugwirizana nazo zochotseratu. Chomwe chinawola si kufufuza munthu, chinawola ndi kusiyira bwana mmodzi kuti aziweruza ndi mtima wake. Ku Missouri anachotsa chilolezo chogulira pistol mu 2007, ofufuza a ku yunivesite ya Johns Hopkins anapeza kuti kuphana ndi mfuti kunakwera ndi pafupifupi 25 peresenti, pomwe ku Connecticut komwe anayambitsa chilolezo chotere mu 1995 anapeza kuti kunatsika. Ku North Carolina panopa ogula mu shopu amafufuzidwabe ndi boma lalikulu koma wogula kwa munthu wamba palibe amene akumuona. Inu ndinu mayi, mukudziwa kuti mwamuna amene amamenya mkazi wake akagwira mfuti m'manja nkhani imathera ku maliro, ndiye sheriff kapena wapolisi wa m'dera amene amadziwa makomo omwe amaitanidwako usiku ndi munthu wofunika pa ntchito imeneyi. Kungoti amangidwe manja ndi malamulo, zoyenereza zilembedwe poyera zofanana kwa wolemera ndi wosauka, tsiku lomaliza loyankhira likhalepo, akakana alembe chifukwa pa pepala munthu athe kupita nalo ku khothi, ndipo mtengo usakhale woti wogwira ntchito ya ulonda alephere, chifukwa madola mazanamazana aja nawonso ndi njira ina yosankhira anthu mwakachetechete.

Malume, mchimwene wanga ali ku America pa viza ya sukulu, akuti akufuna mfuti yodzitetezera. Ndimuuze chiyani?
Chemwali wodandaula, Zomba

Chemwali, muuzeni asiye. Lamulo la boma lalikulu la America limaletsa anthu a viza za kanthawi ngati ya sukulu kukhala ndi mfuti, kupatula pa zifukwa zochepa monga kukhala ndi laisensi yosakira nyama, ndipo amene mapepala ake anatha ndiye saloledwa ngakhale pang'ono. Izi sheriff kapena khonsolo ya mzinda sangazisinthe ngakhale state yakeyo ikhale yofewa bwanji pa mfuti. Akagwidwa ataya sukulu ndi viza yomwe. Mumufunse bwinobwino chomwe chikumuopsa, ngati ndi malo omwe akugona kapena pali munthu akumulondalonda apite ku ofesi ya ophunzira ochokera kunja pa yunivesite yakeyo ndi kwa apolisi a pa sukulupo, amuthandize kusamuka kapena kutenga chikalata cha khothi choletsa munthuyo kumuyandikira. Mumuimbire lero lomwe, musadikire kuti ayambe ndi iye kuimba.