Kwa amayi a shopu yosoka ku Kamwala mu Lusaka amene akufunsa zosamukira ku mall

Amayi, ndawerenga zimene mwalemba, zoti makasitomala anu ambiri safikanso ku Kamwala chifukwa akuti m'tauni ndi mothinana ndipo poimika galimoto palibe, ndiye mukuganiza zotseka shopu yanu yosoka kuti mukachite lendi mu mall. Yankho langa ndi ili: kusamuka samukani ngati mtima wafuna, koma m'kati mwa mall musalowemo. Funani malo m'mbali mwake, kumene anthu opita ku mall amadutsa.

Makasitomala anuwo sakunama, mzinda unasunthadi. Amene tinaona nthawi ya UNIP, chipani cha a Kaunda, tikukumbuka kuti kugula kunali m'tauni basi, kuima pamzere ku masitolo a boma, ku ZCBC, ku NIEC kapena ku Mwaiseni kudikira sopo ndi saladi. Boma litayamba kugulitsa masitolo ake, Shoprite inalowa m'dziko muno mu 1995, ndipo inayambira pa Cairo Road pomwepo. Zinthu zinatembenuka mu 1999 pamene Manda Hill inatsegulidwa pa Great East Road, Arcades n'kutsatira mu 2003. Anthu a kumayadi anaona kuti angathe kugula ndiwo, kulowa mu banki ndi kudyetsa ana pamalo amodzi, galimoto ili pabwino ndipo alonda akuiyang'ana. Kuyambira pamenepo ma mall anangomera mbali zonse: Levy imene inamangidwa ndi ndalama za bungwe la penshoni la NAPSA, East Park pa malo a yunivesite ya UNZA, Makeni ndi Cosmopolitan kunjira ya ku Kafue, Crossroads kopita ku Leopards Hill, Twin Palm, Lewanika, komanso Garden City ndi Waterfalls kufupi ndi njira ya ku eyapoti.

Chimene chinawakoka ndi anthu. Kalembera wa 2022 anapeza kuti boma la Lusaka lokha lili ndi anthu opitirira 2 miliyoni, ndipo omanga nyumba zatsopano akumanga kutali: Chalala, Salama Park, Ibex, Lilayi, Silverest. Onjezani magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan amene adzaza misewu. Tauni yathu inapanikizika pakati pa njanji ndi malo a mafakitale, ndipo misewu ikuluikulu ya Great East, Great North, Kafue ndi Mumbwa yonse imathira anthu pamalo amodzimodziwo. Munthu wa ku Chalala woti abweretse chitenje chimodzi kwa inu aganiza kawiri asanalowe mu mzere wa magalimoto wa pa Kafue roundabout.

Tsono za m'kati mwa mall. Mwini mall amayamba wapeza sitolo yaikulu ngati Shoprite kapena Pick n Pay, chifukwa ndiyo imakoka anthu. Sitolo yotere imakhala ndi mphamvu pokambirana lendi, ndiye pa malo ofanana kukula shopu yaing'ono ndiyo imalipira zokwera. Pamwamba pa lendi palinso ndalama ya alonda, yosesa, ya magetsi ndi ya mafuta a jenereta. Amafuna musaine pangano la zaka zingapo, mupereke dipoziti, mukonze m'katimo ndi ndalama zanu mogwirizana ndi maonekedwe amene iwo akufuna, ndipo muzitsegula nthawi imene iwo anena, Lamlungu lomwe. Choopsa koposa n'chakuti ma mall ambiri akhala akuwerengera lendi m'madola. Mu 2015 kwacha inagwa kwambiri, ndipo amalonda aang'ono anangoona lendi ikukwera mwezi ndi mwezi pamene kasitomala akulipira kwacha yomwe ija. Inu mumasoka diresi, mumapinda buluku, mumasoka yunifomu ya ana asukulu. Muwerengere kuti mungasoke madiresi angati pa mwezi, muchotse ya nsalu, ya ulusi ndi ya wokuthandizani, muone ngati yotsalayo ingathe lendi yotere ngakhale mu February pamene anthu atha ndalama ndi fizi.

Kumene kuli moyo wa ife amalonda aang'ono ndi kunja kwa mpanda. Mall ikangotsegulidwa, dera lonse limasintha. Pamabwera filing'i siteshoni, famase, kosukira magalimoto, mabala, timashopu ta hadiweya. Nyumba zoyang'ana kumsewu amazigumula mpanda n'kuzisandutsa maofesi, masaluni ndi masukulu a mkaka, monga zachitikira ku Woodlands, Kabulonga ndi Olympia. Imani pa siteji ya basi pafupi ndi mall iliyonse madzulo anthu akuweruka. Muona mzere wa mabuthi a mobile money, achikasu ndi ofiira, mnyamata akuwotcha chimanga pa mbaula, amayi ayala mapeyala ndi tomato pa thumba, ndipo munthu watuluka ndi pulasitiki ya buledi wa mu sitolo koma waima kugula repu panja chifukwa ndi wotchipa komanso amamuikira mbasela. Atsikana a pa tilu, alonda, ogwira ntchito m'mabanki ndi m'malesitilanti onse amadutsa pamenepo kawiri patsiku. Amenewo ndi anthu ofuna kuchepetsa siketi, kusintha zipi, kusoketsa chovala cha kitchen party kapena cha chilanga mulilo. Sagula suti mu mall, koma telala wodalirika amamufuna.

Ndiye musanapereke dipoziti kwa aliyense, pitani mukakhale pamalopo. Pitani m'mawa pakati pa sabata, mubwerenso Loweruka, mubwerenso kumapeto kwa mwezi. Muone kuti mabasi amatsitsa anthu mbali iti ya msewu, chifukwa shopu ya tsidya lina la msewu wa magalimoto othamanga anthu saiwolokera. Mufunse oyandikana nawo kuti mvula ikagwa madzi amaima pati. Lusaka ndi wafulati, ngalande n'zochepa, ndipo pamene athira konkire pabwalo lonse loimika magalimoto madziwo amathamangira kwa amene ali kumunsi. Mufunsenso za malaiti. Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba tinakhala maola ambiri opanda magetsi, ndipo ma mall ankayaka ndi majenereta pamene timashopu tapanja tili mumdima. Ngati muli ndi mashini yopalasa ndi mwendo, musaigulitse.

Za eni nyumba samalani nazo. Kumene mall yafika mtengo wa malo umakwera, ndipo ena akaona kuti shopu yanu yayamba kudziwika amakweza lendi kapena kukuuzani kuti mutuluke akufuna kumanga zina. Pangano likhale lolembedwa, m'makwacha, ndipo linene nthawi imene lendi ingakwezedwe. Muonetsetsenso kuti khansolo inavomereza malowo kukhala a malonda, kuti laisensi yanu isadzavute. Ndalama yosamukira ichokere ku chilimba kapena ku zimene mwasunga. Ya kaloba, ngongole ya chiwongoladzanja chokwera ija, ayi, chifukwa miyezi yoyamba pamalo atsopano imakhala youma.

Pali chimene chimandipweteka mtima pa kakulidwe kameneka. Malo a mall amapezeka msanga, akulu, okhala ndi poimika magalimoto mazanamazana, koma m'madera atsopanowa simuona kawirikawiri msika wabwino wa khansolo umene wamangidwa nthawi imodzi ndi nyumba. Mafulayiova a pa Arcades, Munali, Makeni ndi Longacres anathandiza oyendetsa galimoto, koma woyenda pansi ndi mwana kumbuyo akuvutikabe kuwoloka misewu yathu. Kolera itavuta kumayambiriro kwa 2018 ogulitsa m'misewu anachotsedwa m'tauni, ndipo ambiri a iwo ndi omwewa tikuwaona m'mbali mwa ma mall, opanda chimbudzi, opanda mpopi, akuyang'ana uku ndi uku kuopa galimoto ya khansolo. Wopatsidwa chilolezo chomanga mall azipemphedwanso kusiya malo a timashopu totchipa ndi siteji yabwino ya mabasi, chifukwa anthu amenewa abwera ndithu, kaya awakonzera malo kaya ayi.

Komanso musaganize kuti Kamwala yatha. Wooda katundu wa ku Chipata, ku Petauke kapena ku Mongu akatsika basi pa Intercity sapita ku East Park, amalunjika ku Kamwala, ku City Market ndi ku Soweto. Nsalu, ulusi, mabatani ndi lesi mudzaodabe komweko. Ngati muli ndi mwana kapena mng'ono wanu wodziwa mashini, msiyeni pa shopu yakaleyo kwa miyezi ingapo pamene inu mukuyesa kwatsopanoko, kuti oda za mayunifomu zisatayike.

Chinthu choyamba kuchita sabata ino n'chosavuta. Tsegulani buku lanu la miyezo, mutumize uthenga pa WhatsApp kwa makasitomala amene anasiya kubwera, muwafunse kumene akukhala tsopano ndi kumene amagula zakudya za pamwezi. Ambiri akatchula dera limodzi, kayambeni kufuna shopu kumeneko. Mukatiuza m'gulu muno kuti ndi dera liti, alipo okhala konko amene angakuuzeni mitengo ya lendi ya masiku ano.